Kudzala muwale pakhomo: kuyambira nthambi yodula mpaka maluwa ofiira

Chilimwe chikafika pachimake, udzu utauma ndipo mitengo yambiri itayoyola masamba, pali mtengo umodzi umene umaoneka ngati wayaka moto kunsonga. Masamba ulibe, koma nthambi iliyonse yanyamula maluwa ofiira psuu, ndipo timbalame toyamwa timadzi ta maluwa, monga choso, sitichokapo kuyambira m'mawa. Mtengowo ndi muwale. Akatswiri a zomera amautchula Erythrina abyssinica. Liwu loyambalo linachokera ku Chigiriki ndipo limanena za kufiira, pamene lachiwirilo likuchokera ku Abyssinia, dzina lakale la dziko la Ethiopia. Muwale umamera wokha kutchire kuyambira ku Ethiopia ndi Sudan, kudutsa Uganda, Kenya ndi Tanzania, mpaka ku Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe.

Miwale yambiri imene ndaiona ikufa pakhomo sinafe ndi ludzu kapena dzuwa. Inafa chifukwa cha madzi ochuluka, kapena inadulidwa ndi mwini wake yemwe atazindikira mochedwa kuti anaidzala pamalo olakwika. Mtengowu unazolowera chilala, moto ndi dothi losauka. Chimene umafuna kwa inu ndi malo oyenera, chiyambi chabwino, kenako kuuleka uzikulira wokha. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imeneyi.

Choyamba: udziweni mtengo wanu

Musanadule nthambi kapena kutola njere, tsimikizani kuti mtengo mwaupezawo ndi muwale. Khungwa lake ndi lochindikala, lofewa ngati chotsekera botolo, lokhala ndi ming'alu yakuya. Nthambi zake zili ndi minga yaifupi yokhota. Tsamba lililonse limagawikana patatu ngati la nyemba, ndipo zimenezi sizodabwitsa chifukwa muwale ndi wa m'banja limodzi ndi nyemba. Makoko ake ndi olimba, opanikizika pakati pa njere ndi njere, moti amaoneka ngati timipira tolumikizana. Akang'ambika mumaona njere zofiira zowala, iliyonse ili ndi kadontho kakuda.

Ukakula umatalika mamita 5 mpaka 15, kutengera dothi ndi mvula, ndipo nthambi zake zimatambasuka m'mbali. Kumbukirani kukula kumeneku pamene mwagwira kambande kakang'ono m'manja.

Chachiwiri: sankhani malo mosapupuluma

Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa zina zonse mungathe kuzikonza pambuyo pake koma malo simungawasinthe mtengo ukakhazikika.

Muwale umafuna dzuwa la tsiku lonse. Pamthunzi umakula ndithu, koma umangotalika, uli wowonda, ndipo maluwa amakhala ochepa kapena osaoneka n'komwe. Imani pamalo mwasankhapo m'mawa, masana ndi madzulo, muone ngati nyumba kapena mtengo wina sukuphimba dzuwa.

Kenako yang'anani madzi. Mvula yamphamvu ikagwa, pitani mukaone ngati madzi amadikha pamalopo. Ngati mvula ili kutali, kumbani kadzenje kozama masentimita 30, mudzazemo madzi madzulo. Mukapeza m'mawa madzi akadalimo, malowo sakuyenera, pokhapokha mutaunjika dothi ngati kachulu n'kudzala pamwamba pake. Dothi lamchenga, lofiira ngakhale lamiyala, muwale umalola. Chimene sungapirire ndi mizu kukhala m'matope kwa masabata.

Talikiranani ndi nyumba. Ine ndimati mamita osachepera 6 kuchoka pa khoma, pa mpanda wa njerwa, pa mapaipi a madzi ndi pa dzenje la chimbudzi, ndipo ngati malo alipo onjezerani. Mizu yake ina imayenda chapamwamba ndipo ikanenepa imatha kutukula simenti. Thupi la mtengowu ndi lopepuka ndi lofewa, choncho nthambi yaikulu imatha kuthyoka ndi mphepo yamkuntho. Musaudzale pamene mumaimika galimoto, pansi pa nthambo za magetsi, kapena pamene ana aang'ono amasewera tsiku lililonse. Za anawo ndifotokoza bwino kutsogoloku.

Chachitatu: nthambi kapena njere?

Njira zonse ziwiri zimatheka. Nthambi yodula imakupatsani mtengo wamtali kuyambira tsiku loyamba, imachita maluwa msanga chifukwa yachokera ku mtengo wokhwima kale, ndipo maluwa ake amakhala ofanana ndendende ndi a mayi wake. Vuto lake n'lakuti mizu yake simalowa pansi kwambiri, choncho imafuna chochirikizira zaka zoyamba. Njere imachedwa, ndipo maluwa mudzawadikira zaka zingapo, koma mtengo wake umakhala ndi muzu waukulu wolowa pansi ndipo umaima molimba.

Ngati pafupi nanu pali muwale wamaluwa okongola ndipo mwini wake walola, tengani nthambi. Ngati malo anu ndi amphepo kwambiri, kapena mukufuna mitengo yambiri, fesani njere. Ine ndimakonda nthambi, ndipo ndiyamba ndi imeneyo.

Chachinayi: kudzala ndi nthambi

Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa chilimwe, mtengo usanaphuke masamba atsopano, mvula ili pafupi koma isanayambe. Pa nthawi imeneyi mtengo umakhala utasunga chakudya m'thupi mwake, ndipo nthambi ilibe masamba oti aziitayitsa madzi.

Sankhani nthambi yowongoka, yathanzi, yopanda mabowo a tizilombo, yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, kapena titi masentimita 5 mpaka 10 m'mimba mwake. Kutalika kwake kukhale mita imodzi mpaka awiri. Dulani ndi sowo kapena chikwanje chakuthwa kuti bala likhale losalala, lisaphwanyike. Valani magolovesi ochindikala chifukwa minga yake imalasa zedi. Musadule nthambi zambiri pa mtengo umodzi. Imodzi kapena ziwiri zakwana, mtengowo upitirize moyo wake.

Mukangodula, ikani chizindikiro chosonyeza kumunsi ndi kumtunda. Nthambi yopanda masamba imasokoneza, ndipo mukaizika chozondoka siimera. Njira yosavuta ndi kudula kumunsi mopingasa, kumtunda mopendekeka. Kupendekekako kumathandizanso kuti madzi a mvula asamakhale pabala. Chotsani tinthambi tam'mbali, masamba otsala ndi maluwa.

Tsopano pali sitepe imene anthu ambiri amailumpha. Musaizike tsiku lomwelo. Iimikeni pamthunzi, pamalo opita mphepo, kwa masiku atatu mpaka sabata imodzi, kuti bala lakumunsi liume. Bala lanthete likalowa m'dothi lonyowa limaola, ndipo kuolako kumakwera m'kati mwa nthambi inu osaona. Nthambi yanga yoyamba ndinaitaya motero. Ndinaizika tsiku lodula, ndikuithirira m'mawa ndi madzulo pofuna kuithandiza. Inaphuka bwino, ndinasangalala, koma patapita miyezi iwiri masamba anafota, ndipo nditaizula kumunsi kunali kutafeweratu, kukununkha, popanda muzu ngakhale umodzi. Zinandipweteka chifukwa nthambiyo inachokera ku mtengo umene unadulidwa chaka chomwecho.

Kumbani dzenje loti mulowe gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambiyo. Ngati nthambi ndi ya mita imodzi ndi theka, dzenje likhale lozama masentimita 50. Pansi pake thirani mchenga wokhakhala wodzaza manja awiri kapena atatu kuti tsinde lisakhale m'madzi. Imikani nthambi, bwezerani dothi pang'onopang'ono, mukutsendera ndi phazi kapena mpini wa khasu kuti isagwedezeke. Musaikhomere pansi ndi hamala ngati chikhomo. Khungwa limasendeka, pamene mizu imatulukira m'mphepete mwa bala, pansi pa khungwa lomwelo. Manyowa musaike m'dzenje la nthambi. Palibe muzu woti uwadye, ndipo amangoitana kuola ndi chiswe.

Thirani madzi kamodzi kuti dothi likhazikike. Zikani zikhomo ziwiri m'mbali, mumangirire nthambiyo ndi nsalu kapena lamba wa chubu cha njinga, osati waya. Kenako ilekeni. Ngati mvula ikuchedwa ndipo dothi laumiratu, thirani pang'ono kamodzi pa sabata.

Pakapita masabata angapo mudzaona mphukira. Musafulumire kunena kuti mtengo wagwira, chifukwa mphukira zoyambazo zimadya chakudya chimene chinali kale m'nthambi. Mizu imabwera pambuyo, ndipo imayamba ili yanthete ngati ulusi. Musaigwedeze nthambi pofuna kuona ngati yagwira, mudzadula mizu yomweyo. Chizindikiro chodalirika ndi masamba amene akupitiriza kukula ndi kukhwima patatha miyezi iwiri kapena itatu.

Chachisanu: kudzala ndi njere

Tolani makoko amene auma ndi kuyamba kung'ambika ali mumtengo. Njere zimene zakhalitsa pansi nthawi zambiri zimakhala zitafumbwa. Yang'anani iliyonse, ndipo yokhala ndi kabowo itayeni.

Chikopa cha njere ya muwale ndi cholimba moti madzi salowa msanga. Mukaifesa momwe ilili ikhoza kukhala m'dothi miyezi osamera. Ndiye ipaleni pang'ono. Tengani tupa, sandipepa kapena chowengera zikhadabo, mupale malo amodzi mpaka mkati moyera muyambe kuoneka. Palani mbali yakutali ndi kadontho kakuda kaja, chifukwa pafupi ndi kadonthoko mpamene pali kamuzu kam'kati, ndipo mukakavulaza njere yatha. Kenako ziviikeni m'madzi ozizira usiku wonse. M'mawa mudzapeza zina zitatupa. Zimenezo zakonzeka. Zosatupa zipaleninso ndi kuzibwezera m'madzi. Mukamaliza sambani m'manja, ndipo madzi oviikirawo atayeni kutali ndi ziweto.

Dzazani machubu ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi mchenga ndi kompositi wowolerana bwino. Machubu akhale aatali, chifukwa muzu umathamanga kulowa pansi kuposa mmene tsinde likukwerera. Chubu chilichonse chikhale ndi mabowo otulukira madzi. Ikani njere imodzi pa chubu, mozama sentimita imodzi kapena awiri. Fesani zochuluka kuposa mitengo imene mukufuna, chifukwa si zonse zimamera. Zopalidwa bwino zimamera pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu.

Sungani machubu pamthunzi wopepuka, muzithirira dothi likayamba kuuma pamwamba. Mbande zikatulutsa masamba enieni ogawika patatu aja, zizolowetseni dzuwa pang'onopang'ono. Sabata iliyonse muzisuntha machubu kuti mizu isaboole n'kulowa pansi. Mbande ikafika masentimita 20 mpaka 30 yakwana kuwokera. Musaisunge m'chubu chaka chonse. Muzu umazungulirazungulira m'katimo, ndipo mtengo wotero sukhala wolimba ngakhale utakula.

Chachisanu ndi chimodzi: kuwokera mbande

Wokerani mvula itakhazikika, dothi litanyowa mpaka pansi, makamaka madzulo kapena tsiku la mitambo. Dzenje likhale masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuzama komwe. Pokumba, ikani dothi lapamwamba mbali ina, lapansi mbali ina. Sakanizani lapamwambalo ndi ndowa imodzi ya kompositi, libwerere m'dzenje poyamba. Ng'ambani chubu mosamala dothi lisagumuke, ndipo muike mbande mozama chimodzimodzi ndi mmene inalili m'chubumo. Kukwirira tsinde mopitirira kumaliwoletsa. Tsenderani, thirirani, ndipo konzani kabeseni kozungulira koti kazisunga madzi nthawi ya chilimwe. Nthawi ya dzinja kabesenika kagumuleni mbali imodzi kuti madzi azituluka.

Feteleza sindimulimbikitsa. Monga mbewu zina za m'banja la nyemba, muwale uli ndi timatuza pa mizu yake mmene mumakhala mabakiteriya amene amatenga nayitirojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mtengo. Mukawonjezera feteleza wokulitsa, mtengo umachita masamba ambiri ndi nthambi zofewa zosachedwa kuthyoka, maluwa n'kuchepa. Masamba ake akayoyoka musawatenthe. Asiyeni awolere pansi pomwepo kapena muwaike pa mulu wa kompositi, amabwezera chonde m'nthaka.

Chachisanu ndi chiwiri: zaka ziwiri zoyamba

M'chilimwe choyamba mtengo wanu sunakhale ndi mizu yokwanira, choncho uthandizeni. Ndowa imodzi kamodzi pa sabata, yothira pang'onopang'ono kuti ilowe pansi, ndi yabwino kuposa kapu tsiku lililonse. Madzi a tsiku ndi tsiku amangonyowetsa pamwamba ndipo mizu imazolowera kukhala pomwepo. Musanathire, lowetsani chala m'dothi. Ngati muli chinyezi, dikirani. M'chilimwe chachiwiri thirirani kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Kuyambira chaka chachitatu, lekani. Mvula yokha ikwanira.

Phimbirani pansi ndi udzu wouma kapena masamba kuti chinyezi chisathe msanga, koma siyani mpata wa chikhatho chimodzi kuzungulira tsinde. Zophimbira zikakhudza khungwa zimakhala mlatho wa chiswe. Palirani udzu mozungulira mita imodzi, ndi manja kapena mopepuka ndi khasu kuti musadule mizu yapamwamba.

Mbuzi ndi ng'ombe zimadya masamba a muwale, ndipo minga ya kamtengo kakang'ono siziletsa. Ngati ziweto zimafika pamalopo, mangani kampanda tsiku lomwe mwadzala, osadikira kuti ziyambe zalawa. Moto nawonso ndi woopsa pa msinkhu umenewu. Mtengo waukulu umapulumuka moto wa kutchire chifukwa cha khungwa lake lochindikala lija, koma waung'ono khungwalo sunakhale nalo. Musatenthe zinyalala pafupi. Kumalo okwera kumene kumazizira mpaka madzi kuundana, kutani kamtengo ndi udzu kapena saka usiku m'nyengo yachisanu, m'mawa n'kuvundukula. Nsonga zikapsa ndi chisanu musataye mtima, nthawi zambiri umaphukanso kutsinde kukayamba kufunda.

Za tizilombo pali nkhani imene imandilimbitsa mtima pa kudzala mitengo ya komwe munthu ali. Pali kachilombo kakang'ono kwambiri ka mtundu wa mavu, Quadrastichus erythrinae, kamene kamaikira mazira m'masamba ndi m'mphukira za mitengo ya mtundu wa Erythrina n'kuzitupitsa. Mu 2005 kanapezeka ku Hawaii, zilumba za dziko la America, ndipo kanawononga kwambiri mitengo ya mtunduwu kumeneko, kuphatikizapo wawo wachilengedwe wotchedwa wiliwili, chifukwa kunalibe mdani wokadya. Asayansi anabwera ku Africa kudzafuna mdaniyo, anamupeza ku Tanzania, kachilombo kena kotchedwa Eurytoma erythrinae, ndipo mu 2008 anakamwaza ku Hawaii, mitengo n'kuyamba kuchira. Kumene muwale umamera mwachilengedwe, chilombo ndi mdani wake amakhalira limodzi kuyambira kale. Choncho mukaona timatuza pa masamba, thotholani masamba owonongeka kwambiri, koma musathamangire kupopera mankhwala. Mankhwalawo amapha ndi okuthandizani omwe, pamodzi ndi njuchi zobwera ku maluwa.

Chimene muyenera kuchitapo kanthu msanga ndi mbozi zoboola tsinde. Mukaona utuchi ukutuluka pa kabowo ndipo nsonga ikufota, dulani nthambiyo kumunsi kwa bowolo, pamene pali pathanzi, muitenthe kutali ndi mtengo.

Chachisanu ndi chitatu: kuthenera

Muwale sufuna kuthenera kwambiri. Nthambi yozika ija imaphuka malo ambiri, ndiye kumapeto kwa chaka choyamba sankhani mphukira zitatu kapena zinayi zamphamvu zakumtunda, zoloza mbali zosiyana, muchotse zakumunsi. Mtengo wa njere ulekeni ukhale ndi thunthu limodzi mpaka upitirire mutu wanu. Pambuyo pake muzingochotsa nthambi zouma, zokhulana ndi zotsika moti n'kulasa odutsa. Nthawi yochitira zimenezi ndi maluwa akangotha. Mukathenera chilimwe chisanafike mumadula nsonga zomwe zikanachita maluwa. Musadule mutu wonse pofuna kuufupikitsa, chifukwa mabala aakulu pa mtengo wofewa chotere amaola, ndipo nthambi zophuka pamenepo sizigwira molimba. Zikhomo zija zichotseni pakatha zaka ziwiri, ndipo pakatipo muzimasula zomangira kuti zisalowe m'khungwa.

Chenjezo la njere

Njere za muwale zili ndi poizoni. Kufiira ndi kuwala kwake kumakopa ana, amazitola, amaziika m'kamwa. Chikopa cholimba chija chimachititsa kuti njere yomezedwa yathunthu nthawi zambiri isachite kanthu, koma yotafunidwa kapena yosweka ndi yoopsa. Ngati pakhomo pali ana aang'ono, thyolani makoko akadali aawisi momwe mungafikire, sesani njere zogwa, ndipo afotokozereni anawo momveka kuti izi sizidyedwa. Mwana akatafuna njere, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenga njere ina kuti achipatala aione.

Masamba akayoyoka

Chilimwe chikafika muwale wanu udzasanduka wachikasu, masamba onse n'kugwa, n'kutsala ndodo yaminga. Apa mpamene anthu ambiri amachita mantha n'kuyamba kuthira madzi tsiku lililonse, ena mpaka kuuzula poganiza kuti wafa. Kuyoyola masamba ndiyo njira yake yosungira madzi, ndipo kuuma kwa nyengoyo n'kumene kumautsogolera ku maluwa. Muwale wodzalidwa pakati pa kapinga wothiriridwa chaka chonse umasunga masamba nthawi yaitali ndipo maluwa ake sachuluka. Ngati mtengo wanu wakula koma sukuchita maluwa, yang'anani zinthu zitatu izi: mthunzi, madzi a m'chilimwe ndi feteleza.

Mukakayika ngati uli moyo, kandani khungwa la kanthambi kakang'ono ndi chikhadabo. Mukapeza m'kati muli mobiriwira ndi monyowa, mtengo uli bwino. Usiyeni choncho, ndipo muziyang'ana kunsonga kwa nthambi. Timitu taubweya totuwa tikayamba kutupa pamenepo, maluwa atsala masabata ochepa.